Funsani a Kwayamasita: Phazi liyambe, choko chibwere pambuyo

Mwezi uno makalata ambiri akhudza nyimbo ndi magule kusukulu. Ndasankhapo anayi, ndipo ena ndawadula kuti akwane pa tsamba. Eni ake mundikhululukire.

FUNSO: A Kwayamasita, ine ndimaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Mzuzu. Chaka chino ahedi andipatsa Expressive Arts, ndipo mbali ya nyimbo yandiimitsa mutu. Ku koleji tinangodutsamo mothamanga. Ndili ndi ana oposa 100, piriyodi ndi ya mphindi 35, pasukulu palibe kiyibodi, gitala, ngakhale ng'oma. Ndinajambula manoti pa bolodi, crotchet, minim ndi anzake, ana nakopera bwinobwino m'makope. Ndikawafunsa mayina amayankha onse, koma ndikati aombe m'manja zimene zalembedwazo amangondiyang'ana. Ndiyambire pati?
Madamu wa ku Zolozolo

YANKHO: Madamu, yambani ndi kufufuta bolodiyo. Zimene munalembazo si zolakwika, crotchet ndi crotchet ndithu, koma mwapatsa ana mayina a zinthu zimene sanazimve ndi khutu m'kalasi mwanumo. Noti ili ngati chidindo cha phazi pa dothi lonyowa, imaoneka pamene munthu waponda kale. Inu mwajambula mapazi pamene sipanayende munthu.

Komatu ana anuwo si alendo pa nyimbo. Nthawi ya buleki kaimeni pakhonde muone atsikana awiri akuombana m'manja, kutsogolo, mopingasa, pa ntchafu, uku akuimba, osaphonya ngakhale kamodzi. Anyamata aja mumawakalipira chifukwa chogogoda desiki ndi bolopeni, tsiku lina musanakalipe muyambe mwamvetsera chimene akugogodacho. Zina mwa zimenezo, kuti munthu azilembe pa pepala, angatuluke nazo thukuta ngakhale atapita ku yunivesite. Ntchito yanu ndi kuwathandiza kuzindikira chimene akuchita kale, achipatse dzina, kenako achilembe. Dongosolo lake ndi lomwelo, musalitembenuze.

Atulutseni panja. Ana 100 sangaponde m'chipinda chodzaza madesiki, ndiponso a kalasi yoyandikana nanu angakudeni. Apange mabwalo anayi, lililonse ndi mtsogoleri wake, inu muime pakati. Onse aziponda pamalo amodzi, lamanja, lamanzere, lamanja, lamanzere, mosafulumira. Phazi lililonse ndi biti imodzi. Musafotokoze zambiri, angoponda mpaka mgundo umveke umodzi.

Ukamveka umodzi, aonjezere manja. Pa phazi lililonse aombe kamodzi n'kunena kuti “pha”. Akakhazikika, sinthani: “nsi-ma”, kuomba kawiri pa phazi limodzi. Kenako “u-si-pa”, katatu. Pomaliza “ko-ndo-wo-le”, kanayi. Lamulo ndi limodzi, phazi lisasinthe liwiro. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Akafika pa kondowole muona mapazi ayamba kuthamanga kutsatira manja, wina wayamba kudumpha, wina wagwera mnzake, bwalo lonse n'kuthera m'phwete. Asiyeni aseke, mubwererenso pa “pha”. Mwana amene wakwanitsa kuti phazi liziyenda modekha pamene manja akuthamanga wamvetsa kale kusiyana kwa biti ndi kayendedwe ka nyimbo, chinthu chimene akuluakulu ena a m'kwaya yanga amalimbana nacho mpaka lero. Oimba besi makamaka, koma tisawatchule.

Piriyodi yachiwiri kapena yachitatu ndi pamene mungalowe m'kalasi. Jambulani mabokosi anayi pa bolodi, bokosi lililonse phazi limodzi. M'bokosi loyamba ikani kadontho kamodzi, lachiwiri madontho awiri, lachitatu kamodzi, lachinayi musiye lopanda kanthu. Afunseni kuti, “Tiombe bwanji?” Adzakuuzani okha: pha, nsi-ma, pha, zii. Bokosi lopanda kanthulo ndi lokoma kwambiri, chifukwa nthawi zonse pamapezeka mmodzi woomba yekha pamene anzake ali chete, ndipo kuyambira tsiku limenelo saiwalanso kuti kukhala chete nakonso kumawerengedwa. Kenako gulu lililonse lijambule mabokosi ake pansi, liike timiyala kapena zotsekera mabotolo mmene lafunira, gulu lina libwere lidzawerenge ndi kuomba. Pamenepo ana ayamba kupeka ndi kuwerenga nyimbo, inu musanatchule liwu lachizungu ngakhale limodzi.

Tsopano bweretsani manoti anu aja. Kadontho kamodzi m'bokosi ndi crotchet. Madontho awiri ndi ma quaver awiri. Anayi aja a kondowole ndi ma semiquaver. “Phaa” wokoka mabokosi awiri ndi minim, wokoka onse anayi ndi semibreve. Bokosi lopanda kanthu ndi rest. Mudzaona kuti zolowa m'mutu sabata yonse zalowa m'mphindi khumi.

Usipa uja musautaye. Tsiku lina gawani kalasi pawiri, onse aziponda phazi limodzimodzi, koma mbali ina iziomba “nsi-ma” pamene inayo ikuomba “u-si-pa”. Poyamba mbali imodzi idzameza inzake. Akazigwira, mudzaona mapewa ayamba kugwedezeka okha, chifukwa kulukana kwa ziwiri ndi zitatu kumeneku ndi kumene kuli pansi pa ng'oma zambiri za kwathu kuno, ndipo ana amakuzindikira msanga. N'chifukwa chake nyimbo zambiri za magule zimakana kulowa mu 4/4 ya m'buku, momwe biti imagawika pawiri, ndipo ozilemba amaziika mu 6/8 kapena 12/8, momwe biti imagawika patatu. Mabuku ena amaika zimenezi kumapeto ngati zovuta za akatswiri. Kwa mwana wokulira pafupi ndi mtondo, amene wamva misi iwiri kapena itatu ikulandirana, zimenezi ndi zoyambira.

Tibwere ku chuni, kukwera ndi kutsika kwa mawu. Apa muli ndi mwayi, chifukwa mukuphunzitsa kumpoto kumene solfa, njira yowerengera nyimbo ndi mayina a do, re, mi, inazika mizu kalekale. Mayina a re, mi, fa ndi anzake anayamba ndi Guido wa ku Arezzo, mmonke wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1000. Patapita zaka mazana ambiri mayi wina wa ku Norwich ku England, Sarah Glover, anawakonza kuti aziphunzitsira ana, ndipo m'busa John Curwen anatenga njirayo m'zaka za m'ma 1840 n'kuifalitsa m'masukulu a Sande. Cholinga chake chinali choti anthu osauka, opanda limba, aziwerenga nyimbo ndi zilembo wamba zimene makina alionse osindikizira ali nazo. Amishoni a ku Scotland, amene anayamba ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894, anabwera nayo m'masukulu ndi m'matchalitchi awo. Ku Embangweni Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni kupeka nyimbo za m'tchalitchi pa chuni cha kwawo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anasiya nyimbo zimene zikuimbidwabe. Ndanena zonsezi kuti muone kuti njira imeneyi anaikonzera munthu wa vuto lanu lomweli, ana ambiri ndi manja opanda kanthu. Ndiponso m'dera lanulo simungalephere kupeza bambo wa kwaya kapena mayi wa Umanyano (gulu la amayi a mpingo wa CCAP) amene amawerenga d, r, m ngati nyuzipepala. Mupempheni kudzera kwa ahedi abwere tsiku limodzi. Ambiri amasangalala kuitanidwa.

Musayambe ndi mawu onse asanu ndi awiri. Tengani atatu, do, mi ndi so. Alembeni motsetsereka pa katoni kapena pa pepala la thumba la simenti, do pansi, so pamwamba, mukhome pa khoma. Imbani inu, iwo abwereze, uku mukuloza ndi kamtengo. Onjezerani zizindikiro za manja za Curwen: do ndi chibakera, mi ndi dzanja logona chafufumimba, so ndi dzanja loimika cham'mbali chikhatho chitayang'ana kwa inu. Dzanja lizikwera mawu akamakwera. M'kalasi ya ana 100 zizindikirozi ndi chipulumutso, chifukwa wa kumbuyo kwenikweni amaziona, ndipo inunso mukangoponya maso mumadziwa amene wasokera. Pakatha masabata angapo onjezerani la ndi re. Fa ndi ti abwere pomaliza, poti ali pafupi kwambiri ndi anzawo ndipo ndi amene amavuta kulunjika.

Kalembedwe kake n'kosavuta, ndipo mabokosi aja abweranso. Mzere woimirira umatsegula bala, kutanthauza kagulu ka mabiti, madontho awiri oimirira amalekanitsa mabiti, kadontho kamodzi kamadula biti pakati, kamzere kogona kamakoka liwu, ndipo posalembedwa kanthu ndi pokhala chete. Mukalemba | d : m.m | s : - | ana anu adzawerenga kuti pha, nsi-ma, phaa, koma tsopano ndi chuni.

Nyimbo ya fuko, imene anapeka Michael Sauka ndipo dziko linaitenga mu 1964, ana amaiimba pa asembule osaiganizira n'komwe. Igwiritseni ntchito. Aiimbe akuponda, apeze pamene liwu likukoka mabiti awiri, asonyeze ndi dzanja pamene chuni chikukwera. Mwinanso mungachize matenda a masukulu ambiri, oiyamba pansi kwambiri n'kumaikoka ngati aimbira pamaliro.

Mizere isanu yolembapo manoti ija, staff, musaithamangire. Ikafika nthawi yake, ilembeni pabwalo ndi phulusa, ikuluikulu moti mwana atha kuimapo. Muuzeni mwana mmodzi kuti iye ndi do, aime pa mzere. Mi aime pa mzere wotsatira, so pa wotsatiranso. Do akasamukira pa mpata, mi ndi so nawonso amapita m'mipata yotsatira. Lamulo limeneli lokha limatsegula theka la staff. Zoti mizere ya treble clef, staff ya mawu okwera, ndi E, G, B, D, F ndipo mipata ndi F, A, C, E aloweze pambuyo, atadumphapo kale mpaka phulusa litafufutika.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani mumtima ngakhale simunachilembe. Pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 zimenezi zimabwera mu pepala la Arts and Life Skills, ndipo kumeneko mwana saimba, amangosankha yankho. Ndiye aphunzitsi ambiri amangolembetsa manotsi. Chiyambire 2007, pamene nyimbo, magule, zisudzo, zojambula ndi masewera olimbitsa thupi zinamangidwa mtolo umodzi, nyimbo ndi imene imaponderezedwa, poti yolemba pa bolodi imaoneka ngati yatha msanga. Ine ndikuti amene anaombapo minim ndi manja ake sangaisokoneze ndi crotchet pa pepala, pamene woloweza amaiwala holide isanathe.

Chomaliza, mvula yathu ya ku Mzuzu ino. Ikayamba kuomba malata moti mawu anu sakufika ngakhale pa mzere wachitatu, musalimbane nayo. Imeneyo ndi piriyodi ya manja: inu ombani, iwo abwereze, popanda kuyankhula.

FUNSO: Ine ndine mkulu wa mpingo. Mwana wanga wamkazi wa Sitandade 6 amusankha m'gulu la magule pasukulu pawo, ndipo ndamva kuti akukonzekera kudzavina vimbuza pa tsiku la makolo. Mtima wanga sukundilola. Komanso ndimaona ngati kuvina n'kutaya nthawi, mwana akanamawerenga masamu. Ndimuchotse?
Bambo wa ku Chibavi

YANKHO: Bambo, mwafunsa mafunso awiri, ndipo pa limodzi ndili mbali yanu, pa linalo ayi.

Pa vimbuza nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo si anthu opemphera okha amene ali nayo. Eni ake a vimbuza nawonso sakondwa kuona gule wawo akuseweretsedwa. Kwa Atumbuka vimbuza ndi gule wa machiritso, wovinidwa ndi munthu amene akuvutika, pamaso pa ng'anga, achibale akuimba ndi kuomba m'manja. UNESCO inamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu, kenako Tchopa wa Alhomwe mu 2014 ndi Mwinoghe wa ku Chitipa mu 2018. Mwana wa ku Mzuzu ayenera kudziwa zimenezi, ayenera kumva ng'oma zake ndi kudziwa chifukwa chake anthu amavina. Koma kumuveka mwana wa zaka 11 mangenjeza, kumupaka ufa kumaso n'kumuuza kuti azinjenjemera ngati wagwidwa, kuti alendo aseke ndi kujambula pa foni, ine sindikuvomereza. Chimodzimodzi aphunzitsi ochokera kwathu ku chigawo chapakati amene amauza ana kuti apange zigoba za Gule Wamkulu ndi makatoni. Kumudzi sangayerekeze, bwanji kuno?

Choncho pitani mukaonane ndi ahedi, mwaulemu, kapena mukanene ku komiti ya sukulu. Musapite ndi mawu akuti “mwana wanga asavine”. Pitani ndi funso lakuti, “Pa magule onse a kuno, mwasankhiranji ameneyu?” Chifukwa osankhapo alipo ambiri. Kuli chilimika wa ku Nkhata Bay, amene atsikana amavina nyengo ya chaka chatsopano, timipango m'manja, masitepe aulemu. Kuli visekese, amayi atakhala pansi akugwedeza ziwiya zawo za udzu. Kuli ingoma wa ku Mzimba, wopanda ng'oma n'komwe, mgundo wa mapazi, zishango ndi mawu basi. Kuli malipenga, amene anayamba potsanzira perete wa asilikali itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo magulu ake amatchedwa boma, okhala ndi mfumu ndi maudindo ake. Palibe gule wophunzitsa mwana kuwerenga mabiti kuposa ameneyu: masitepe anayi kutsogolo, kutembenuka, kudikira wezulo, mzere osapindika. Amene wasokoneza kuwerenga amaonekera pomwepo, palibe pobisala.

Pamene muli kwa ahedipo, mufunsenso za chinthu china chimene chimandinyansa ine kuposa vimbuza: kusankha tiatsikana kuti tizidula chiuno kutsogolo, abambo akuluakulu n'kumadzuka kukafupa poika ndalama pa thupi la mwana. Pakhale mbale pansi, wofupa aponye m'mbalemo.

Koma zoti kuvina n'kutaya nthawi, pamenepo tasiyana, bambo. Gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Kwathu kuno nyimbo ndi thupi sizinasiyanepo. Inu nomwe Lamulungu kwaya ikamalowa ndi masitepe, phazi lanu pansi pa benchi limakhala likuchita chiyani? Mwana amene akuvina akuwerenga, akugawa biti pawiri ndi panayi, akumvera mtsogoleri, akusunga malo ake pakati pa anzake makumi atatu. Ndaonapo ana amanyazi, osatukula mkono m'kalasi chaka chonse, akusanduka atsogoleri pabwalo la gule, ndipo mphunzitsi wanzeru amayambira pomwepo kuwakoka m'maphunziro ena. Masamu awerenge ndithu, madzulo alipo. Ngati luso lake lipitirira, nyimbo zimaphunziridwa mpaka ku University of Malawi ku Zomba ndi ku MUST ku Thyolo, ndipo ku Lilongwe kuli Music Crossroads. Koma ngakhale atadzakhala namwino, sadzadandaula kuti anavinapo chilimika.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 13 ankaimba sopulano bwino kwambiri mu kwaya ya sukulu. Tsopano mawu akumuthawa, pena akwera pena agwa. Aphunzitsi amuuza kuti azingoyendetsa milomo osatulutsa mawu, ndipo anzake akumuseka moti wasiya kupita. Mlongo wake wa zaka 7 nayenso akuti amaimba “kunja”. Kodi ndi chibadwa cha pabanja?
Mayi wa ku Masasa

YANKHO: Mayi, palibe chibadwa chilichonse apa, ndipo ana awiriwa nkhani zawo n'zosiyana.

Mnyamatayo akukula, basi. Pa msinkhu umenewu kholingo limakula, timinofu totulutsa mawu timatalika ndi kunenepa, ndipo mawu amatsika pafupifupi octave yathunthu, ndiye kuti kuchokera pa do kufika pa do wapansi. Ubongo unazolowera chida chakale, ndiye ukatuma liwu limatuluka lina. Zimatenga miyezi, ena kupitirira chaka. Kumuuza kuti azingoyendetsa milomo ndi njira yachidule yotayira woimba tena wa mawa. Amuna ambiri amene lero amati “ine sindidziwa kuimba” anasiyira pomwepa, chifukwa cha liwu limodzi la munthu wamkulu.

Asasiye kuimba, koma asakakamize mawu akale. Mphunzitsi amumvetsere payekha, anzake palibe, apeze mawu asanu kapena asanu ndi limodzi amene akutuluka mosavuta, amuike ku alito kapena ku tena malinga ndi pamene mawuwo ali, ndipo azimuyesanso pakapita mwezi chifukwa adzasunthabe. Pamene nyimbo yadutsa malire ake apume, alowenso ikabwerera. Asakuwe pa mpira mpaka kusasa mawu, ndipo m'mawa wa mwezi wa June, kuzizira kwa Mzuzu kuli pachimake, ayambe ndi kung'ung'udza chapansipansi asanatsegule kukamwa. Masiku amene mawu akanirira, apatsidwe ng'oma kapena maseche, akhalebe m'gulu. Inu kunyumba musamuseke, ngakhale nthawi zina zimaseketsadi. Ngati bambo ake kapena amalume ake alipo, amuuze kuti nawonso anadutsamo.

Wamng'onoyo musamuweruze n'komwe. Pa zaka 7 ana ambiri amakhala asanapeze mawu oimbira, amaimba ndi mawu oyankhulira. Kawirikawiri vuto limakhala la ife akuluakulu. Mphunzitsi wamwamuna amayambitsa nyimbo pa mawu ake a pansi, ana n'kumakwawa kufunafuna pamene ali, osapapeza. Mawu a mwana amakhala bwino kuyambira cha pa middle C, C wa pakati pa kiyibodi, kukwera octave imodzi, osati pansi pake. Sewerani naye: alire ngati ambulansi, kukwera ndi kutsika, aitane mnzake wa kutali mokoka mawu, atsanzire njiwa. Kenako inu tsanzirani liwu limene iye watulutsa, m'malo moti iye atsanzire lanu, amve mmene zimakomera mawu awiri akakumana. Kuchokera pamenepo mukwere naye pang'onopang'ono. Mukamutuma kapena kumuitana, nthawi zina muzichita moimba, ayankhe moimbanso. Kusukulu aziima pakati pa oimba bwino, osati kumapeto kwa mzere. Koma ngati mwaona kuti ngakhale pomuitana samva msanga, kapena khutu limatuluka mafinya, mupite naye kuchipatala akamuone makutu.

FUNSO: Komiti yathu ya sukulu yatsala ndi kandalama pang'ono. Ena akuti tigule kiyibodi kuti ana aziphunzirira nyimbo. Mukuti bwanji?
Msungichuma wa komiti, Luwinga

YANKHO: Achimwene, ndikanakhala ine sindikanagula. Kiyibodi imodzi pa ana mazanamazana imathera mu ofesi ya ahedi, yokutidwa ndi nsalu, kudikira magetsi, adaputala imene inasowa, ndi munthu wodziwa kuiimba. Ikatuluka amaigwira ana atatu, ena onse n'kumaonerera. Kupeza kiyi yoyambira nyimbo, foni ya mphunzitsi ikukwanira.

Ndalamayo gulani ng'oma ziwiri kapena zitatu zosiyana kukula kwa wosema wodziwa ntchito yake, wezulo, ndi loko wa bokosi losungiramo. Zotsalazo ana apange okha, ndipo kupangako ndi phunziro kale. Zotsekera mabotolo zophwanthidwa, zoboola pakati ndi msomali n'kuzitunga pa waya, ndi maseche. Chitini chothira timiyala kapena njere ndi maseche enanso, ndipo ana adzazindikira okha kuti mchenga, chimanga ndi miyala sizilira mofanana. Zigubu zakutha ndi ng'oma za besi. Chisekese muitane agogo a m'dera lanu adzawaonetse kamangidwe kake, muwapatse kangachepe. Lipenga ndi chipanda chouma chobooledwa, pa bowo n'kumatapo kapepala ka pulasitiki kopyapyala pamene akale ankamata nembanemba ya kangaude. Mwana amaimbira m'katimo, chipandacho n'kumanjenjemeretsa mawu.

Pa chuni, sonkhanitsani mabotolo asanu ndi atatu a galasi ofanana, muthiremo madzi mosiyanasiyana mpaka alire do mpaka do wapamwamba. Pogogoda ndi supuni, botolo la madzi ambiri limalira pansi. Mukaliuzira pakamwa zimatembenuka, la madzi ambiri ndi limene limalira pamwamba, chifukwa tsopano chikunjenjemera ndi mpweya wotsala m'botolomo. Musawauze ana zimenezi, aziyese okha akangane. Mukamaliza kuchuna, lembani mzere pa botolo lililonse pamene madzi alekezera, poti pofika sabata yamawa ena adzakhala atauma kapena atamwedwa. Ngati pali bambo wodziwa kusema mangolongondo, mitengo yake yogogoda amaigoneka pa mathunthu awiri a nthochi, ndipo ana awiri kapena atatu amaimba nthawi imodzi atakhala moyang'anizana.

Ng'omazo muzisamale ndi chinyezi cha kuno. Chikopa chikanyowa chimalefuka, ng'oma n'kumalira ngati katoni. Aziiamba padzuwa kapena pafupi ndi moto kuti ikungike, koma pa moto pazikhala munthu wamkulu, chifukwa ana amaiyandikiza kwambiri mpaka chikopa kung'ambika. Phula lomata pakati limatsitsa mawu, ndiye ikakwera mopitirira muonjezere phula, ikatsika kwambiri muchotseko. Posunga zisagone pa simenti, muzipachike kapena muziike pa thabwa kumene makoswe safika, ndipo mu buku la katundu wa sukulu zilembedwe, kuti zikabwerekedwa ku ukwati kapena ku msonkhano pakhale wosaina.